Dipuloma ya Uinjiniya: Njira Yozungulira Nayonso Imafika

 Ndidalonjeza kuti lero tikambirana za kasungidwe ka ufa m'nyengo ya chinyezi, koma mundikhululukire, nkhani imeneyo iyambe yadikira. Ufa sukuthaŵa. Pali nkhani ina imene yandisoŵetsa tulo kuyambira Loŵeruka lapitali, ndipo ndikudziŵa kuti ili m'nyumba zambiri mwa inu, makamaka miyezi imene maina a ana osankhidwa kupita ku yunivesite amatuluka.

Loŵeruka limenelo ndidakumana kuchigayo ndi mnzanga wakale, mayi wa ana asanu, amene tidakulira mudzi umodzi. Nkhope yake inali yakugwa, ndipo poyembekeza kuti mphale yathu igayidwe adandikhuthulira zonse za kukhosi. Mwana wake wamkazi, wachiŵiri kubadwa, adakhoza bwino mayeso a Folomu 4. Ndi mwana wokonda masamu, amene kuyambira ali wamng'ono sankatha kuona wailesi yoonongeka osaimasula. Adalembera malo a digiri ya uinjiniya, koma maina atatuluka, lake panalibe. Adalira masiku angapo, kenaka adadzilimbitsa mtima nalembera malo a dipuloma ya uinjiniya womwewo, ndipo kumeneko adamutenga. Inu mukadaganiza kuti pakhomopo pamveka nthungululu. Ayi ndithu, m'malo mwake pabuka mkangano. Bambo wa mwanayo akuti dipuloma ndi sukulu ya theka, kulipira fizi kumeneko n'kuponya ndalama m'madzi. Azakhali ake akuti zitsulo ndi simenti ndi ntchito ya amuna, ndiponso pali mnyamata wa khalidwe labwino amene watumiza kale mawu kwa atsibweni. Mwana mwiniwakeyo wasokonezeka. Tsiku lina akuti apita, tsiku lina akuti kuli bwino abwereze Folomu 4.

"Anzanga," adatero mayiyo, "inu mumayenda ndi anthu ophunzira. Tandiuzani zoona. Kodi dipulomayi ndi njira yopita kwinakwake, kapena mwana wanga akangothera pomwepo?" Sindidamuyankhe mokwanira pakati pa phokoso la chigayo. Tsono ndimuyankhe pano, kuti nanunso amene muli ndi funso lomweli m'nyumba mwanu mumvere limodzi.

Yankho langa ndi ili: njira ndi njira ndithu, ndipo ambiri adadzeramo nafika. Koma ndi njira yokhala ndi mtsinje pakati pake, ndipo ana ambiri, makamaka aakazi, sagwera m'kalasi ayi, amamira pamtsinjepo. Ndifikapo bwino. Poyamba timvetse chimene chachitikira mwanayu.

Pa mayeso a MSCE, phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Nambala 1 ndi 2 ndiko kukhoza kopambana, 3 mpaka 6 ndiyo kirediti, 7 ndi 8 ndiko kungodutsa, ndipo 9 ndiko kulephera. Amaphatikiza nambala za maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino koposa, ndipo zimenezo ndizo mumamva ana akuzitcha mapointi. Apa kuchepa ndiko kupambana: wa mapointi 10 waposa wa mapointi 20. Kuti mwana aganiziridwe ku yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo wofuna uinjiniya ayenera kukhala atalimba pa masamu ndi sayansi. Mayunivesite a boma alipo 6 okha m'dziko lonse lino, ndipo chaka ndi chaka ana oyenerera amachuluka kuposa malo. Choncho mwana amene dzina lake silidatuluke sikuti ndi mbuli. Basi idadzaza iye ali pa siteji ndi tikiti m'manja. Musamunyoze, ndipo musalole ena kumunyoza pamaso panu.

Sukulu imene yaphunzitsa mainjiniya ambiri a dziko lino ndi ija ili ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre, m'mbali mwa msewu wa Chipembere, imene ife akale tidazoloŵera kuitchula kuti Poly. Idatsegulidwa mu 1965, ndipo mu 1967 idakhala nthambi ya University of Malawi. Mu 2021 idaima payokha ndi dzina latsopano la Malawi University of Business and Applied Sciences, mwachidule MUBAS. Kumeneko digiri ya uinjiniya imatenga zaka 5, pamene dipuloma kaŵirikaŵiri imatenga zaka 3. Si kokhako. Ku Thyolo kuli yunivesite ya MUST imene idayamba kulandira ophunzira mu 2014. Ku Bunda, pansi pa LUANAR, amaphunzitsa uinjiniya wa zaulimi ndi wa ulimi wothirira. Ndiye palinso makoleji a ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, amene maphunziro awo amayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999. Kunja kwa ameneŵa kuli masukulu ambirimbiri a anthu wamba. Ndatchula zonsezi kuti mudziŵe kuti mawu oti dipuloma ali ngati mawu oti nsalu. Zonse ndi nsalu, koma si zonse zimene zimapirira kuchapa.

Nanga kusiyana kwa wa dipuloma ndi wa digiri n'kotani? Tiyerekeze ndi mlatho, pakuti tonse tidaona mmene namondwe wa Freddy adakokololera milatho m'chigawo cha kummwera mu Marichi 2023. Pomanga mlatho watsopano, injiniya wa digiri ndiye amakhala pansi ndi kuŵerengera: madzi osefukira angafike pati, dothi la pansi lingasenze kulemera kotani, zitsulo ziloŵe zingati mu mzati uliwonse, ndipo zikhale zonenepa bwanji. Akatha amajambula pulani, ndipo mlathowo ukadzagwa, woyamba kufunsidwa ndi iyeyo. Wa dipuloma, amene pantchito amamutcha tekinishani, ndiye amatenga pulaniyo nakaimirira pamalo pomangapo. Amayeza malo ndi makina oyezera, amaona ngati zitsulo zamangidwa monga pulani ikunenera, amayang'anira kasakanizidwe ka simenti, mchenga ndi miyala. Amatapa konkire yaiŵisi n'kuithira m'tizikombole, ndipo timiyala touma totuluka m'menemo amakatiphwanya ndi makina patatha masiku 7 ndiponso patatha masiku 28, kuti aone ngati konkireyo yalimba mokwanira. Omanga akaba simenti, amene amazindikira ndi iye. Akathira madzi ambiri kuti konkire isavute kuponda, amene amaletsa ndi iye, pakuti konkire ili ngati nsima: madzi akachuluka imafooka, ngakhale ufa ukhale wabwino chotani. Kodi ntchito yotere ndi ya theka?

Ndi chimodzimodzi ku magetsi ndi ku madzi. Magetsi ambiri amene timayatsa amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, ndipo dziko lidataya pafupifupi mamegawati 130. Mukukumbukira mdima wa miyezi ija, ndi mmene tinkagonera kuchigayo kudikira kuti magetsi ayake. Amene adakonza malowo mpaka makina kuyambanso kuzungulira mu 2023 anali mainjiniya ndi matekinishani pamodzi. Madzi ambiri a mu Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry, pa Shire pomwepo, kukwera chitunda chonse chija kufika mu mzinda. Mapampu amenewo sagona, ndipo pali anthu amene amaŵayang'anira usiku ndi usana. Mwana wa dipuloma ndi mmodzi wa anthu otere. Ntchito yake ndi yolemekezeka ngakhale atapanda kupitiriza sukulu.

Koma pali denga. Wa dipuloma amafika pena pake pomwe sangakwerenso, ngakhale akhale waluso kuposa bwana wake. Pulani yaikulu sasainira ndiye. Mipando yapamwamba kaŵirikaŵiri imafuna digiri. Bungwe la Malawi Engineering Institution, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019, limalembetsa anthu a ntchitoyi m'magulu osiyana malinga ndi maphunziro awo. Ndaonapo bambo waimvi akuphunzitsa ntchito kamnyamata kongochoka kumene ku yunivesite, posakhalitsa kamnyamatako n'kukhala bwana wake. Zimaŵaŵa. N'chifukwa chake tikamatumiza mwana ku dipuloma, tizimutumiza maso ali pa digiri.

Njira yake imayenda motere. Mwana amatsiriza dipuloma. Kenaka amagwira ntchito yogwirizana ndi zimene adaphunzira, kaŵirikaŵiri zaka zosachepera 2, pakuti mayunivesite athu amafuna umboni wa ntchito kwa anthu oloŵera khomo limeneli, limene amalitcha mature entry, ndiye kuti khomo la akuluakulu. Akamutenga, nthaŵi zambiri sayambiranso pansi penipeni ngati mwana wochokera ku Folomu 4. Amamuŵerengera zina mwa zimene adaphunzira kale, namuika m'chaka chimene iwo aona kuti n'choyenera. Ŵerengani nokha: zaka 3 za dipuloma, zaka 2 za ntchito, ndi zina zingapo za digiri. Mnzake amene adaloŵa mwachindunji adzakhala atatsiriza kale. Sindikubisirani, njirayi ndi yaitali. Komabe wodzera njira yaitaliyi amafika ndi kanthu kamene mnzake uja alibe. Pamene mphunzitsi akujambula mzati pa bolodi, ena amaona choko, koma iye amaona mzati weniweni umene adauimirira dzuŵa likuswa mtengo. Ndipo bambo aja akuti ndi sukulu ya theka adziŵe kuti njirayi si ya maiko osauka okha. Ku Britain munthu amatha zaka 2 pa dipuloma imene amaitcha HND, naonjeza chaka kapena kuposerapo kuti apeze digiri, ndipo palibe amene amamuseka.

Tsono apa pafunika maso. Si dipuloma iliyonse imene imatsegula khomo la digiri. Ine ndidaphunzira zimenezi ndi misozi ya m'banja mwathu momwe. Mwana wa mlongo wanga adaloŵa pa kasukulu kena ka m'tauni, kokhala pamwamba pa sitolo, kamene kadalengeza kuti kamaphunzitsa uinjiniya wa magetsi. Chikwangwani chinali chokongola, a ku ofesi anali aulemu, ndipo adalonjeza kuti akatha kumeneko yunivesite iliyonse idzamulandira ndi manja aŵiri. Mlongo wangayo adagulitsa ng'ombe. Patatha zaka 2 mnyamatayo adavala mkanjo, tidavina, tidajambulitsa zithunzi. Atapita ndi pepala lakelo ku yunivesite, adamuuza kuti sakulidziŵa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kufikira lero mnyamatayo amakonza mafoni pamsika, ndipo nkhani ya sukulu sitiitchula pamaso pa bambo wake.

Chomvetsa chisoni n'chakuti tsoka limeneli likadapeŵeka ndi ulendo umodzi wa pa basi. Boma lidakhazikitsa bungwe la National Council for Higher Education, mwachidule NCHE, ndi lamulo la mu 2011, ndipo ntchito yake ina ndiyo kulembetsa masukulu a ukachenjede ndi kuvomereza maphunziro awo. Limatulutsa mndandanda wa masukulu ovomerezeka, ndipo mwana wanu yemweyo angaupeze pa foni. Koma chenjerani: sukulu ingathe kukhala pa mndandanda pamene phunziro lina la pasukulupo silidavomerezedwe. Muone dzina la phunziro lenilenilo. Ndipo musathere pomwepo. Muvale chitenje chanu chabwino, mutenge mwanayo, mupite ku ofesi yolembera ophunzira ya yunivesite imene akufuna kudzatengako digiri, osati ya sukulu imene ikufuna ndalama zanu lero. Wogulitsa mbuzi sanena kuti mbuzi yake ikutsokomola. Mukafunse kuti: mwana akatha dipuloma yakutiyakuti ya kusukulu yakutiyakuti, kodi mumamulandira? Amaloŵa chaka chiti? Mumafuna kuti akhoze motani? Funso lotsirizali musaliiŵale, pakuti dipuloma nayonso ili ndi magiredi, ndipo kungodutsa mokhwekhwereza sikungamuthandize pamene ofuna malo ali ambiri. Mwana amene akudziŵa zimenezi kuyambira chaka choyamba saseŵera. Mupemphe kuti yankholo akupatseni pa pepala. Musachite manyazi kuti Chingerezi chimakuvutani. A ku ofesiko nawonso adabadwa kwa amayi olankhula ngati inu. Safunsa adadya phula.

Chinanso, dipuloma ndi digiri zikhale za mtundu umodzi. Wophunzira za magetsi asayembekeze kuti adzamuŵerengera zaka zakezo akadzafuna digiri ya misewu ndi milatho. Asankhe bwino pachiyambi pomwe.

Tsopano tifike pamtsinje uja. Mtsinjewo ndiwo zaka za pakati pa dipuloma ndi digiri, ndipo apa ndilankhula nanu mosapsatira mawu, chifukwa nkhaniyi ikutikhudza ife amayi kuposa wina aliyense. Mtsikana watha dipuloma, wapeza ntchito, walandira malipiro oyamba. Wakugulirani chitenje ndi shuga, wagulira bambo wake nsapato. Mwasangalala, ndipo n'koyenera kutero. Mwezi wachiŵiri mwamuuza za fizi ya mng'ono wake. Wachitatu denga likudontha. Wachinayi feteleza. Wachisanu kwagwa zovuta kumudzi ndipo pafunika bokosi. Posakhalitsa pakhomo ponse paima pa msana wa mwana mmodzi. Pamene nthaŵi yobwerera kusukulu yakwana, iye akayang'ana alongo ake ndi ang'ono ake amangoti, "Ndidikire chaka chamaŵa." Chaka chamaŵacho sichifika. Palibe amene adamuletsa ndi pakamwa. Tidamuletsa ndi manja athu otambasula.

Sindikunena kuti mwana asathandize makolo. Tidamulera ndi thukuta, ndipo umphaŵi sitidachite kuusankha. Chimene ndikunena n'chakuti tigwirizane naye poyera kuyambira mwezi woyamba: gawo lakuti ndi la pakhomo, gawo lakuti ndi la sukulu yako, ndipo gawo la sukululo ndi mbewu. Mayi aliyense amadziŵa kuti ngakhale njala ivute chotani, chimanga cha mbewu chopachika kudenga la khitchini sichikazingidwa. Ana akamachiyang'ana ndi maso a njala, inu ndi amene mumaŵakaniza, mtima ukukupwetekani. Chitani chimodzimodzi ndi ndalama imeneyi, ngakhale wopemphayo akhale atsibweni ake, ngakhale akhale bambo wake womubala. Mwana wamkazi woleredwa bwino sangathe kukaniza akuluakulu otere ndi pakamwa pake. Womukanizira ndinu.

Pamtsinje pomwepo palinso ukwati. Mtsikana wa zaka 22 kapena 23 wokhala ndi ntchito sasoŵa omufunsira, ndipo ife timayamba kulakalaka zidzukulu. Ukwati si mdani wa sukulu. Ndikudziŵa amayi amene adalemba mayeso a digiri khanda likuyamwa, amuna awo ali pa moto kuphika. Koma zimenezo zimatheka pokhapokha nkhaniyo itakambidwa chinkhoswe chisanachitike. Ankhoswe athu amafunsa za mudzi wa mnyamata, za ntchito yake, za khalidwe la kwawo. Ndi angati amene amafunsa kuti, "Mwana wathuyu sukulu sadatsirize, kodi mudzamulola kubwerera, ndipo mudzamuthandiza motani?" Auzeni ankhoswe afunse funso limeneli pamaso pa mbali zonse ziŵiri, kuti tsiku lina wina asadzakane. Mnyamata amene akwinya nkhope pa funso lotere wakuuzani kale zonse zimene mumafuna kudziŵa. Ndipo inu apongozi, amene mwana wanu wamwamuna wakwatira mtsikana wotere, musakhale oyamba kunena kuti mkazi wophunzira kwambiri salemekeza mwamuna. Mlereni mdzukulu wanu miyezi ya mayeso. Digiri imeneyo idzadyetsa nyumba ya mwana wanu yemwe.

Za azakhali aja akuti uinjiniya ndi ntchito ya amuna, sinditayapo nthaŵi yambiri. Injiniya sasenza mlatho pamutu. Amagwira ntchito ndi nzeru, pensulo ndi kompyuta. Ngakhale pakadafunika mphamvu, ndani pamudzi amasenza ndowa ya malita 20 kuchokera kudambo, mwana ali kumsana? Choona chimene chilipo n'chakuti m'kalasi ndi pamalo a ntchito atsikana amakhala ochepa, ndipo mtsikana wovala ovololo ndi jombo amamva mawu achipongwe. Nthaŵi zina amakumana ngakhale ndi ofuna kumunyenga polonjeza magiredi kapena ntchito. Mwana wanu adziŵe kuti akakumana ndi zotere angathe kukuuzani inu, osaopa kuti mudzati, "Paja ndidanena ine."

Nanga kubwereza Folomu 4? Pali ana amene kubwereza kumaŵathandiza, makamaka amene adadwala nthaŵi ya mayeso, kapena amene kirediti ya masamu idaŵaphonya. Koma amene ali kale ndi makirediti abwino, ndipo malo a dipuloma yovomerezeka ali m'manja, ine ndinganene kuti apite. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kubwereza sikulonjeza kuti basi ija idzakhala ndi malo chaka chamaŵa. Ndichenjezenso mbali inayo. Mwana amene amadana ndi masamu musamukankhire ku uinjiniya chifukwa choti dzinalo limamveka bwino pozitama kwa anansi. Dipuloma si pothaŵira masamu. Aliko ndithu, ndipo pa digiri amachita kuŵirikiza. Mwana wotere mufunireni njira ina yogwirizana ndi mphatso yake.

Inu amene ana anu akadali ku sekondale, musati nkhaniyi ili kutali. Pofika Folomu 3 ana amasankha maphunziro, ndipo atsikana ambiri amasiya Physics ndi Chemistry chifukwa anzawo aŵauza kuti n'zovuta. Khomo la uinjiniya, la dipuloma ndi la digiri lomwe, limatsekeka tsiku limenelo, mayi osadziŵa n'komwe. Funsani mwana wanu chimene wasankha ndi chimene wasiya. Ndipo madzulo, pamene mnyamata ali pa buku, mtsikana asakhale yekha pa mbale ndi mapoto.

Za ndalama, dziŵani kuti fizi si yokhayo. Pali lendi, pakuti si onse amene amapeza malo ogona m'kati mwa sukulu. Pali chakudya, zida zojambulira, kompyuta, ovololo, jombo ndi chipeŵa cholimba chija. Palinso miyezi imene ophunzira amatumizidwa ku makampani kukaphunzira ntchito, kumene nthaŵi zambiri amadzidyetsa ndi kudziyendetsa okha. Boma lili ndi bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira osoŵa a m'masukulu a ukachenjede, limene lidakhazikitsidwa mu 2015, koma lili ndi malamulo ake onena za amene ayenera kulandira. Musateleke mphika podalira ufa umene simudauone. Mukafunse msanga ngati mwana wa dipuloma, kapena wobwerera kudzatenga digiri, ali m'gulu la ololedwa. Banki mkhonde ingathandize pa zing'onozing'ono, koma katapila musamuyandikire. Mwana akayamba ntchito afunse ngati kampani yake imapereka tchuthi cha maphunziro kapena thandizo la fizi. Ena amatero, koma amafuna kuti wophunzirayo adzabwerere kudzagwira ntchito kwa iwo zaka zingapo. Aŵerenge bwino pepalalo asanasaine.

Lachitatu ndidapita kwa mnzanga uja. Tidakhala pamkeka, mwanayo ali pomwepo, ndipo bambo wake adakhala chapatali pa mpando, akunamizira kumvera wailesi. Ndidafotokoza zonsezi monga ndakufotokozerani inu. Tidafufuza pa foni ya mtsikanayo, ndipo phunziro lake tidalipeza pa mndandanda wa ovomerezeka. Iye adatenga kope nalemba mafunso ake okafunsa ku ofesi. Pa nkhani ya chimanga cha mbewu mayi wake adakhala chete nthaŵi yaitali, kenaka adati ana atatu aang'onowo adzayesa kuŵaphunzitsa ndi geni yake ya tomato monga wakhala akuchitira. Bamboyo sadalankhule kanthu mpaka pamene ndinkatsanzika. Adangondifunsa, osandiyang'ana, kuti jombo zoterezo zimagulidwa kuti ndipo zimakhala ndalama zingati.

Azakhali sadagonje. Akuti abwera Lamulungu pamodzi ndi atsibweni kudzakambanso za mnyamata uja. Mayi ndi mwana wake akwera basi Lolemba m'mamaŵa kupita ku ofesi ija, ndipo ine ndaŵabwereka chikwama changa chachikopa kuti masatifiketi asanyowe panjira.

Za ufa ndi chinyezi tidzakambirana sabata yamaŵa. Tsalani bwino, amayi anzanga.